Ndege ya Linunda ya Msuweni Wanga

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7, ndipo sindinamizira umphawi ngati mmene anzanga amachitira. Ndinakankha mphunzitsi. Anandilanda kandege ka mapesi kamene ndinkamanga kunsi kwa desiki, n'kukaponda ndi nsapato kalasi yonse ikuona, ine m'maso munangoti bii. Mawa lake mayi anandigwira padzanja mpaka pamsika wa Mitundu, pamene mlongo wawo amakhoma zidebe.

"Achimwene, munthu wanu uyu. Ine wandikanika."

Amalume anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anandiponyera hamala. "Popeza manja akuyabwa, uzimenya ichi," anatero akuloza chitsulo cha njanji chimene amakhomerapo. "Ichi sichipita kukadandaula kwa ahedi."

Ndinaphunzira zidebe, mbaula, ndi makeni othirira nazale ya fodya. Ndinaphunziranso ntchito ina imene amalume ankaipeputsa n'kuisiyira ine, yomata mabeseni apulasitiki. Azimayi amabwera ndi beseni long'aluka, iwe n'kuwotcha mpeni pambaula, n'kusungunulira kachidutswa kena pamng'alupo. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kumva pulasitiki ndi zala. Ndikangogwira ndimadziwa kuti ili likadali ndi moyo, ili lagonera padzuwa, lapsa, ngakhale ulimate bwanji mawa lithetheka pena.

Zidutswa za malata zotsala zinali zanga. Ndi zimenezo ndinabwerera kundege zanga, koma tsopano zosapondeka ndi nsapato. Ndege zochokera kumwera zikamapita kukatera zimadutsa kumtunda kwathu, ndipo ndikangomva kulira ndinkasiya hamala n'kutuluka m'shedi, khosi chagada, kasitomala atakhala pabenchi. Kubabashopu kunalinso kalendala yakalekale, masiku ake anang'ambika koma chithunzi anachisiya chifukwa chinkatseka bowo lakhoma. Inali ndege ya injini zinayi ikunyamuka, wojambula ali pansi pake. Mimba yonse poyera, matayala ambirimbiri ngati miyendo ya bongololo. Ndinkameta kawiri pamwezi pofuna chithunzi chimenecho.

Oyitanira minibasi za ku Lilongwe ndi amene anandipatsa dzina. "Apailoti! Lero tinyamuka nthawi yanji?" Poyamba ndinkafuna kumenyana nawo. Kenako ndinaona kuti ngakhale azimayi a tomato ayamba kunditchula choncho mopanda chipongwe, ndipo dzinalo linandikoma. Amene anandiona ndikuchotsedwa sukulu anali ndi dzina lina londitchula. Ili linali langa, ndinalikhoma ndekha.

Tsiku lina la msika kunabwera mayi wina wa lesitilanti ya pa Nathenje, mphepete mwa msewu waukulu. Anadzagula mbaula ziwiri, koma maso anakakamira pandege imene ndinapachika kudenga la shedi.

"Wakonza ndani ichi?"

"Mphwanga uyu," anatero amalume. "Ndi matenda ake."

"Iwe, ungakonze yaikulu? Yaikulu zedi? Ine ndazika mlongoti wachitsulo kutsogolo kwa lesitilanti, ndimati ndiikepo chikwangwani, koma zikwangwani aliyense ali nazo. Ndikufuna munthu ali m'basi yochokera ku Dedza aziti, kondakitala, nditsika pandege."

Sindinamufunse n'komwe kuti andipatsa chiyani. Ndinkangoona msewu uja, mabasi a ku Blantyre, malole a ku Mozambique, dziko lonse likudutsa pansi pa chinthu chopangidwa ndi manja anga. Ndinamuuza kuti andipatse miyezi itatu.

Ndinaimangira kwathu, m'chigafa cha fodya chimene chaka chimenecho chinali chopanda ntchito. Kutalika kwake kunaposa chitseko. Thupi ndinalipinda pamtengo wa bulugamu, mapiko ndinawaikira nthiti za waya wochindikala m'kati, injini zinayi ndinapangira zitini za mkaka wa ana, ndipo mazenera ndinaboola ndi msomali limodzilimodzi mpaka chala chachikulu chinachita thuza. Ndinkasiya chakudya chikuzizira.

Tsopano ndinene za msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo, amene amakhala kwa mayi ake pa Nathenje. Amandiposa ndi chaka chimodzi. Iye anafika Fomu 4, mayeso anakhoza, ntchito n'kusowa, mpaka anakalowa yosamalira maluwa kwa mzungu wina mtauni. Anthu onse a m'dera lathu amadziwa kuti ine sindichedwa kupsa mtima, koma munthu mmodzi yekhayu sindinamukwiyirepo. Msuweni sakwiyiridwa. Akhoza kukulanda chipewa pamaliro, akhoza kuuza mtsikana amene ukumufunsira kuti unkakodza pamphasa mpaka Sitandade 4, iwe n'kumangoseka uku ukusaka chako chobwezera. Iye ankanditcha Sitandade Seveni. Ine ndinkamutcha Fomu Folo Wothirira Kapinga. Tikakumana panjira moni wathu unali womwewo, ndipo achikulire ankaima kuti amve.

Ndege yanga itatsala pang'ono kupakidwa penti, amalume anafika kushedi Lolemba m'mawa akumwetulira okha.

"Mnzako wabwera ndi zodabwitsa. Mzungu wake wabwerera kwawo, wamusiyira katoni. Akuti muli ndege."

"Chidole?"

"Kaya. Ukaone wekha."

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapalasa njinga kudzera njira ya m'midzi. Ndinamupeza pakhonde atayala chitenje cha mayi ake, katoni yaikulu ngati sutikesi ili pambali. Pachitenjepo panali tizidutswa toyera, mazanamazana, tolumikizidwa kutimafelemu ngati minga ya nsomba, kalikonse ndi nambala yake. Panali kabuku ka Chingerezi kokhala ndi zithunzi ndi mivi. Panali timabotolo ta penti, guluu wake, ndi pepala la zomata, mizere yofiira ndi timalemba tating'ono ngati nyerere. Ndinagwada osadziwa kuti ndagwada. Matayala ake anali ndi mizere ngati matayala enieni. M'kati mwa injini munali timapeni tozungulira ukauzira mpweya. Kunali ngakhale tianthu tiwiri, tating'ono ngati nyemba, tovala zipewa, manja ali pachiwongolero.

"Usagwire ndi manja a dzimbiriwo, Sitandade Seveni."

Ndinanyamula mbali imodzi ya thupi lake. Kutsogolo, pamwamba pa mutu, panali potukuka.

"Apa yapindika ndi kutentha," ndinatero.

Anaseka mpaka kugona chagada. "Yapindika! Amayi, tabwerani mudzamve! Limenelo ndi linunda, mbuli iwe. M'menemo muli chipinda chapamwamba, mokwera mabwana. Ndege ya injini zinayi yotchuka dziko lonse ndi imeneyi." Anandionetsa chithunzi cha pakatoni, ndipo inalidi yomwe ija ya pakalendala, koma ataijambula cham'mbali. "Kodi yako ija ilibe? Ayi, sindikudabwa. Iwe ndege umaidziwa ngati mmene nkhuku imadziwira mphamba, kumimba kokha."

Ndinaseka. Mwambo wake ndi womwewo. Koma pobwerera ndinapalasa ngati ndikuthamangitsidwa, ndipo pofika m'chigafa ndinaiyang'ana ndege yanga, msana wake uli see ngati mpope wa madzi, ndinaimenya chibakera. Chipsera chake chilipo mpaka lero kumanzere, pafupi ndi mchira.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti iye ndege sankazikonda. Sanatulukepo m'nyumba chifukwa chomva kulira kumwamba. Ine zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthyola khosi, ndikudzicheka ndi malata, kuyesa n'kuphwasula, iye n'kungopatsidwa zonse m'katoni, ataziyeza kale anthu ena, ndi kabuku komuuza kuti nambala iyi imata pa nambala iyi. Ntchito yake inali kuwerenga basi. Ndiye kuwerengako n'kumene ine ndinakusiya pakhomo la Sitandade 7.

Inamutengera masabata atatu. Ankamangira pakhonde, ndipo khonde lawo lili pafupi ndi njira yopita kumsika, moti anthu ankaima gulu. Ena ankajambula ndi mafoni. Itatha inali yaifupi poyerekeza ndi yanga, ngati mkono ndi theka, koma inali yoyera ngati dzira, yosalala, yopanda msoko ngakhale umodzi wooneka. Ukaiyang'ana nthawi yaitali unkayembekeza kuti ilira.

Uthenga unadzera kwa amalume, tili pantchito.

"Mayi uja waiona ya mnzako. Akuti pamlongoti paikidwe imeneyo."

Ndinapitiriza kukhoma chidebe changa.

"Akuti yako adzaiona bwino nthawi ina. Tsono pakufunika chogwirira, choti chimange ndegeyo kumlongoti. Mnzako sadziwa chitsulo. Ukhoma iwe."

Hamala ndinaiponya, inakagunda mulu wa zidebe, msika wonse unatembenuka. "Ine? Andilande malo, ndiye ndimumangirenso mpando wokhalapo? Akawerenge m'kabuku kakeko!"

Amalume sanakweze mawu. "Katole hamalayo. Mayi ako anakupereka kwa ine, sanakupereke kwa mtima wakowo. Ukhoma."

Ndinakhoma. Ndipo ndinene zoona, sindinakhomepo chinthu chabwino ngati chimenecho. Ndinachipinda molingana ndi mimba ya ndegeyo, m'kati ndinayalamo chubu cha njinga kuti chitsulo chisakande penti, mabawuti anayi. Sindinkafuna kuti wina adzanene kuti nsanje inalowa m'ntchito yanga.

Tinakaikweza Loweruka lina kumapeto kwa Seputembala. Ine ndinakwera pamakwerero, iye anandipatsira ndegeyo kuchokera pansi. Aka kanali koyamba kuigwira yathunthu. Inali yopepuka ngati khoko la chimanga. Ndinatsina phiko pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo zala zinandiuza zimene zimandiuza tsiku lililonse kushedi. Pulasitiki woonda, wouma, wam'nyumba. Chinthu choti chizikhala pa kabati, kuseri kwa katani. Ndinayang'ana kumwamba, dzuwa lili ng'aa, Okutobala ali pakhomo. Ndinayang'ana kumsewu, lole inadutsa, mphepo yake inagwedeza makwerero.

Mawu anafika pakamwa. Ndikulumbira, anafika. Ndimati ndinene kuti asuweni, ichi tikachipachike m'kati, kudenga, pamwamba pa matebulo, kunja kuno sichitha miyezi iwiri.

"Gwira bwino, Sitandade Seveni!" anakuwa ali pansi, anthu akumva. "Chimenecho si chidebe!"

Anthu anaseka. Ine ndinameza mawu aja, n'kumanga mabawuti.

Nditatsika, anthu anaomba m'manja. Mayi wa lesitilanti analuluta. Kenako woyitanira minibasi wina wa pa Nathenje, munthu woti sandidziwa n'komwe, anamenya msuweni wanga paphewa.

"Apailoti! Mwatitchukitsa!"

Mayi wa lesitilanti uja anandiitanira chakudya m'kati koma ndinati m'mimba simuli bwino.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ndinkapita pa Nathenje. Ndinkati ndikukaona ngati mabawuti akhwepa. Amalume mpaka anandiyamikira kuti ndayamba kukhwima. Koma ine ndinkakwera pamakwerero paja kukaona mmene dzuwa likugwirira ntchito yanga. Ndinkanyamulanso kachingwe m'thumba. Ndili pamwambapo ndinkayeza linunda lija, kutalika kwake, pamene layambira, pamene latsikira, n'kumanga mfundo pachingwe. Pofika kwathu ndinang'amba msana wa ndege yanga ndi sizasi, ndinakhoma linunda lamalata, n'kulimata ndi mtovu. Chigafa ndinkachitseka ndi chiguduli kuti wina asaone.

Sabata yachitatu mizere yofiira ija inayamba kufutukuka m'mphepete. Yachinayi kuyera kuja kunasanduka chikasu, ngati dzino la wosuta chingambwe. Yachisanu mapiko anagwa mphwayi, nsonga zikuloza pansi ngati nkhuku ya chitopa. Msuweni wanga anaima nane pansi pa mlongoti, manja m'chiuno.

"Ukuiona bwanji, katswiri wa mabeseni? Sikuoneka ngati yatopa?"

"Ndi mmene zimakhalira zikamatera," ndinatero.

Anaseka, nanenso ndinaseka. Apanso mpata unalipo. Tikanaitsitsa tsiku limenelo bwenzi lero ili pakabati.

Inagwa Lachinayi masana, ine kulibe. Akuti kunadutsa kamvuluvulu kuchokera kumsika, phiko limodzi linathyoka n'kuuluka, thupi linang'ambika pakati, mbali yakumchira inakagwera pamsewu, lole ya simenti n'kupondapo. Chogwirira changa chinatsala pamlongoti chili gwa, chitafumbata kachidutswa ka mimba.

Mawa lake msuweni wanga anatulukira kushedi ndi katoni ija pakaliyala ya njinga. Maso anali ofiira koma pakamwa ankayesetsa.

"Adokotala a mabeseni, ndabwera ndi wodwala. Mumuone, mwina n'kutheka."

Anakhuthulira pabenchi. Ndinatola chidutswa cha phiko, ndinangochipinda pang'ono, chinathetheka ngati bisiketi. Amalume anasiya ntchito, anatola china n'kuchifikisa ndi zala.

"Chapsa ndi dzuwa ichi," anatero. "Apa palibe chomata."

"Kapena chogwirira chija chinafinya kwambiri," anatero msuweni wanga, akundiyang'ana cham'mbali. "Paja Sitandade Seveni amamanga chilichonse ngati akumanga mbuzi."

Zinali zachisuweni, ndikudziwa. Munthu anali ndi chisoni, ankafuna tiseke kuti chimupepukire. Ndikanangoti nanga Fomu Folo sinakuphunzitse za dzuwa, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anakhudza ntchito yanga, chinthu chokhacho chimene ndinachita mwachilungamo pankhani yonseyi, ndipo m'maso munachitanso bii ngati tsiku la mphunzitsi lija.

"Chogwirira changa chili pomwepo mpaka pano! Pita ukachione! Chidole chakocho ndinachidziwa tsiku lomwe ndinachigwira kuti sichifika Disembala. Ndinatsina phiko ndili pamakwerero, ndinadziwiratu! Kabuku kakoko sikanakuuze? Si iwe wodziwa kuwerenga?"

Shedi yoyandikana nayo inasiya kukhoma.

"Unadziwa?" anafunsa amalume.

Apa m'pamene ndinamva zimene ndanena.

"Masabata onse aja umapita kukaona mabawuti," anatero amalume pang'onopang'ono. Anatola hamala yawo n'kubwerera pachidebe chimene ankakhoma, ndipo tsiku lonselo sanandilankhulenso.

Msuweni wanga anatolera zidutswa zija chimodzichimodzi, ngakhale tating'ono togwera pansi, n'kubwezera m'katoni. Anamanga katoniyo ndi chubu pakaliyala, modekha, mfundo ziwiri. Atagwira mahandulo anandiyang'ana.

"Zikomo kwambiri, achimwene. Tsalani bwino."

Chibadwire anali asananditchulepo achimwene.

Patangotha sabata mayi wa lesitilanti anatumiza uthenga kuti mlongoti ukuchititsa manyazi uli wokha, ndibweretse yanga ija. Tinainyamula pangolo ya ng'ombe. Ndinaikweza ndi anthu awiri aganyu, msuweni wanga sanabwere ngakhale kwawo n'kongoyenda mphindi zisanu. Ili pomwepo mpaka lero, mvula ziwiri zadutsa, sinagwedezeke. Anthu amanenadi kuti kondakitala, nditsika pandege. Ndinamva ndekha ndili m'minibasi, ndipo ndinadikira kuti mtima ukome.

Koma nditatsika, woyitanira uja anali kufotokozera mlendo wina, akuloza kumwamba ndi chibwano.

"Iyi ndi yongoyerekeza, bwana, chidebe cha mapiko. Panali yeniyeni apa, yochokera kunja, mpaka madalaivala ake m'kati. Anakonza ndi Apailoti, mnyamata wa kuseri uku."

Ndinafuna kumugwira pakhosi. Ndinafuna kumufunsa kuti yeniyeniyo ili kuti lero. Ndinangoima, chifukwa linunda limene lili pandege yangayo ndinaliba ndi kachingwe, ndipo pa Nathenje pali munthu mmodzi amene akaliyang'ana amadziwa kumene linachokera.

Ndimakumana naye. Pamaliro a agogo ena mwezi wathawu tinapezeka tonse kumanda, tikulandizana khasu. Ndinayesa. Ndinamugunda ndi chigongono n'kunena kuti, "Fomu Folo, kukumba ukukutha, paja ndi ntchito ya maluwa yomweyi." Anthu amene anali pafupi anayamba kumwetulira, kudikira yankho monga kale. Iye anapukuta thukuta, anandipatsa khasu ndi manja awiri.

"Landirani, achimwene. Kunyumba ali bwanji amayi?"

Pobwerera ndinadzera kwawo kukapereka moni kwa mayi ake. Pawindo la kuchipinda kwake, m'kati, kuseri kwa katani, waikapo mutu wa ndege ija. Ndi chokhacho chinapulumuka, kuyambira pamphuno mpaka pothera linunda. Ndinasuzumira. Tianthu tiwiri tija tikadali m'menemo, zipewa kumutu, manja pachiwongolero.

Ndayesa kanayi konse kupanga totere ndi malata. Timangotuluka ngati misomali yopindika.